Mimba ikavuta mwadzidzidzi, odwala HIV ndiwo akufunika kwambiri opaleshoni ya timabowo

Dokotala wa opaleshoni akaitanidwa usiku kuti akaone munthu amene mimba yauma gwa, akusanza ndipo thupi latentha, amayenera kusankha chimodzi mwa ziwiri: kung'amba mimbayo tsopano lino, kapena kudikira kuti aone mmene kuchere. Akang'amba popanda chifukwa, wamusiyira munthu bala lalikulu lomwe silimafunika. Akachedwa pomwe thumbo labooka kale, munthu uja amapita. Kusankha kumeneku n'kovuta kwa wodwala aliyense, koma kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kumavuta kuposa, chifukwa zizindikiro zake zimasokoneza, matenda amene angayambitse ululuwo ndi ambiri, ndipo thupi lake silipirira cholakwa cha dokotala, kaya chokhala cha kufulumira kapena cha kuchedwa. Pali njira yachitatu imene madokotala amaitcha laparoscopy, yomwe ndi opaleshoni yoboola timabowo ting'onoting'ono pamimba n'kulowetsamo kamera. Ambiri kuno kwathu amaiona ngati chinthu cha anthu olemera, chowathandiza kuti asakhale ndi chipsera chonyansa. Ine ndikuona mosiyana. M'dziko lathu la Malawi, limene anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi HIV, ntchito yaikulu ya njirayi ndi yolola dokotala kuona m'mimba ndi maso ake asanaganize zong'amba, ndipo wodwala wofooka chitetezo ndiye amene angapindule nayo kuposa wina aliyense.

Tiyambe ndi chimene chimasokoneza madokotala. Munthu wa chitetezo chabwino akatupa apendikisi, thupi lake limakuwa: kutentha kumakwera, maselo oyera a m'magazi amachuluka, ululu umasamukira kumunsi kwa mimba cha kumanja. Amene chitetezo chatsika kwambiri, makamaka CD4, chiwerengero cha maselo a chitetezo, ikakhala pansi pa 200, yomwe bungwe la World Health Organization limaiwerengera kuti matenda afika patali, zonsezi zikhoza kuoneka pang'ono chabe kapena osaoneka n'komwe. Magazi akayezedwa, maselo oyera amapezeka ali pamlingo wamba pomwe m'mimba muli kale mafinya. Kuonjezera apo, ululu womwewo ungachokere ku matenda amene safuna mpeni konse. TB ya m'mimba imatupitsa mwanabere wa m'kati n'kudzaza madzi m'mimba. Kachilombo kena kotchedwa CMV, komwe kamavutitsa kwambiri CD4 ikatsika pansi pa 50, kamadya khoma la matumbo, nthawi zina mpaka kuboola. Khansa ya lymphoma ndi ya Kaposi zikhoza kutseka thumbo kapena kulichititsa kukha magazi. Ndulu imatha kutupa mulibe mwala ndi umodzi womwe. Palinso vuto limene limabwera munthu akangoyamba kumwa ma ARV, pamene chitetezo chikudzuka n'kuyamba kulimbana mwaukali ndi matenda amene anabisala, monga TB yomwe ija. Pamwamba pa zonsezi pali matenda a tonsefe: apendikisi, thumbo lobooledwa ndi taifodi, chilonda cha m'mimba chophulika, mimba yokhala pachubu kwa amayi. Dzanja la dokotala pamimba, ngakhale likhale laluso chotani, silingasiyanitse zonsezi nthawi zonse.

Zikafika potere, njira yakale ndi kung'amba mimba kuchokera pansi pa chifuwa kutsika kudutsa pamchombo, n'kuona zomwe zilimo. Opaleshoni imeneyi yapulumutsa anthu osawerengeka ndipo ipitirizabe kutero. Koma bala lake si laling'ono, ndipo m'maiko osauka bala ndi limene limapha kapena kugoneka munthu m'wodi kwa masabata. Kafukufuku wamkulu wa gulu la GlobalSurg, amene anatuluka mu 2018, anatsata odwala oposa 12,000 ochitidwa opaleshoni ya m'mimba m'maiko 66. Anapeza kuti bala limachita mafinya mwa odwala 9 pa 100 alionse m'maiko olemera, 14 m'maiko apakati, ndi 23 m'maiko osauka. Ndiye kuti kwa ife, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse amene wang'ambidwa mimba amavutika ndi bala. Tsono ganizirani munthu wowonda ndi TB, magazi ali ochepa, chitetezo chili pansi, ndipo madokotala atang'amba apeza kuti palibe chodula kapena chosoka, vuto ndi TB basi. Munthu ameneyu akanachira ndi mapiritsi a miyezi isanu ndi umodzi. Tsopano ali ndi bala lomwe likhoza kumasuka, ululu womulepheretsa kupuma mozama ndi kukhosomola mpaka kugwidwa chibayo, komanso chipsera chomwe matumbo angadzatulukirepo pansi pa khungu zaka zikubwerazo. Ichi ndicho chifukwa chake madokotala ena amazengereza kung'amba wodwala HIV, ndipo kuzengereza kumeneko ndi kumene kumapha amene anali ndi thumbo lobooka.

Laparoscopy si yachilendo monga ena amaganizira. Georg Kelling wa ku Dresden anayesa kuyang'ana m'mimba mwa galu ndi kachubu mu 1901, ndipo Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm anachita zimenezi pa anthu mu 1910, ambiri mwa iwo odwala amene mimba zinadzaza madzi. Kurt Semm, dokotala wa amayi wa ku Kiel, anachotsa apendikisi mwa njirayi mu 1980, ndipo Erich Mühe anachotsa ndulu mu 1985. Kachitidwe kake ndi kotere: wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala, amabooledwa kabowo ka pafupifupi sentimita imodzi pamchombo, mimba imapopedwa ndi mpweya wa carbon dioxide kuti khoma lake likwere pakhale malo oonera, kenaka kamera imalowa n'kuonetsa zonse pa sikirini. Timabowo tina tiwiri kapena titatu timakhala tolowetsera zida zazitali zogwirira, zodulira ndi zosokera.

Phindu loyamba, lomwenso ndi lalikulu, ndi kuona. TB ya m'mimba ikagwira kansalu kokuta matumbo, pamaoneka timadontho toyera tambirimbiri ngati mawere omwazika, ndipo dokotala wozolowera amaizindikira pomwepo. Amatha kutapa madzi, kudula kachidutswa ka kansaluko kapena ka mwanabere wotupa n'kutumiza ku labotale. Kachidutswa kameneka n'kofunika kwambiri, chifukwa mwanabere wotupa ndi TB ndi wotupa ndi lymphoma amafanana pa sikani, chikhalirecho mankhwala ake ndi osiyaniranatu. Odwala ambiri m'chigawo chino cha Africa amayambitsidwa mankhwala a TB mongoganizira, ndipo amene anali ndi khansa amadziwika patapita miyezi, matenda atafalikira. Madokotala a ku Pietermaritzburg m'chigawo cha KwaZulu-Natal, komwe HIV ndi TB n'zochuluka kuposa kwathu kuno, anafufuza nkhaniyi pa odwala oganiziridwa TB ya m'mimba, ambiri a iwo okhala ndi HIV, ndipo anaonetsa kuti kamera ndi kachidutswa zimatsimikiza TB mwa ambiri, komanso zimavumbula matenda ena mwa anthu amene akanangomwa mankhwala a TB pachabe. Ndipo ngati kamera yapeza apendikisi yotupa, ndulu yowola kapena kabowo kachilonda cha m'mimba, ntchitoyo ikhoza kumalizidwa pomwepo kudzera m'timabowo tomwe tija. Ikapeza zazikulu zoposa pamenepo, dokotala amang'amba, koma tsopano akudziwa poyenera kung'amba ndi kukula kwake.

Phindu lachiwiri ndi bala lenilenilo. Kafukufuku wa Cochrane, amene amasonkhanitsa zotsatira za mayeso ambiri, anapeza kuti apendikisi ikachotsedwa kudzera m'timabowo, mabala ochita mafinya amachepa ndi theka kapena kuposa, ululu umachepa, ndipo odwala amatuluka m'chipatala msanga. Kunena zoona, kafukufuku yemweyo anaonanso kuti mwa akuluakulu zithupsa za m'kati mwa mimba zimachulukirapo pang'ono, ndipo ili ndi chenjezo loyenera kulimvera pamene apendikisi yaphulika kale, kuti mafinya ayamwidwe bwinobwino ndipo wodwala ayang'aniridwe. Kwa wodwala HIV palinso mfundo ina yomwe kawirikawiri siitchulidwa. Ma ARV amene anthu ambiri akumwa m'Malawi muno kuyambira 2019, okhala ndi dolutegravir, ndi mapiritsi omeza. Munthu akang'ambidwa mimba, matumbo amatha kuima kwa masiku angapo osalola chakudya kapena mankhwala. Akabooledwa timabowo, matumbo amadzuka msanga, ndipo piritsi lake la tsiku ndi tsiku amayambiranso kumwa mwina mawa lake. Chimodzimodzinso mankhwala a TB. Masiku amenewa ndi ofunika kwa munthu amene moyo wake watsamira pa kusadumphitsa mankhwala.

Pali maganizo akale amene ayenera kutsutsidwa poyera, akuti munthu wa HIV sapirira opaleshoni, choncho kuli bwino kumupatsa mankhwala n'kumusiya. Maganizowa anabadwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene odwala Edzi ambiri ong'ambidwa mwadzidzidzi ankamwaliradi, chifukwa ankafika atatheratu ndipo kunalibe ma ARV. Nthawi imeneyo inapita. Kafukufuku wa Michael Horberg ndi anzake ku Kaiser Permanente, ku California, amene anatuluka mu 2006, anayerekeza odwala a HIV ndi anzawo opanda kachilomboka amene anachitidwa opaleshoni zofanana, ndipo anapeza kuti mavuto a pambuyo pa opaleshoni sanasiyane kwenikweni, kupatula chibayo ndi imfa zomwe zinachulukirapo m'chaka chotsatira, ndipo ngozi inakwera makamaka mwa amene tizilombo tinali tochuluka m'magazi kufika 30,000 kapena kuposa. Kuno kwathu ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala posatengera CD4. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 pa 100 alionse ali ndi HIV, ndipo mwa amene akumwa mankhwala, 97 pa 100 tizilombo tinali titaponderezedwa. Tanthauzo lake n'lakuti odwala HIV ambiri amene akufika m'zipatala zathu ndi mimba yopweteka ndi anthu amphamvu zawo, alimi, aphunzitsi, oyendetsa kabaza, amene akudwala apendikisi ngati wina aliyense ndipo ayenera kuthandizidwa ngati wina aliyense. Ochepa otsalawo, amene sanayezetse kapena analeka mankhwala, ndi amene zizindikiro zawo zimasokoneza, ndipo kamera imawafunika koposa.

Nanga ogwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni? Munthu akabayidwa ndi singano yomwe ili ndi magazi a HIV, mwayi wotenga kachilomboka ndi pafupifupi 3 pa 1,000, ndipo umatsika kwambiri akayamba mankhwala a PEP pasanathe maola 72 n'kumwa masiku 28. Ngoziyo ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya hepatitis B, komabe ndi yeniyeni kwa dokotala amene amachita opaleshoni tsiku ndi tsiku. Kubayidwa kochuluka kumachitika posoka, makamaka potseka bala lalitali, zala zili pafupi ndi singano. Mu laparoscopy manja amakhala kunja kwa mimba, magazi okhudza magolovesi ndi ochepa, ndipo chosoka pomaliza ndi timabowo. Ena amada nkhawa ndi utsi ndi mpweya wotuluka m'mimba pomaliza ntchito. Yankho lake ndi kuutulutsa mosamala kudzera m'chubu osati kuupemerera kumaso kwa anthu. Komabe ndisabise: chitetezo cha dokotala chisakhale chifukwa chachikulu chosankhira njirayi. Wodwala aliyense ayenera kugwiridwa mosamala mofanana, kaya zotsatira za magazi ake zikudziwika kapena ayi.

Otsutsa ali ndi mfundo zomveka, ndipo yoyamba ndi ya thupi la wodwala. Mpweya wopopedwa m'mimba umakankha mapapo ndi kupanikiza mitsempha ikuluikulu yobweza magazi kumtima. Munthu amene BP yagwa chifukwa cha mafinya ofalikira m'magazi, kapena amene mapapo adyeka ndi TB, akhoza kulephera kupirira. Ndiponso odwala athu amafika mochedwa, atayamba ayesa mankhwala a pagolosale kapena a zitsamba, atadikira galimoto, atadutsa pachipatala chaching'ono ndi cha boma asanafike pachipatala chachikulu. Mimba yotupa ndi thumbo lopotana, vuto lomwe madokotala a Kamuzu Central Hospital amakumana nalo kawirikawiri, siisiya malo oonera ndi kamera. Zonsezi n'zoona, ndipo odwala otere ayenera kung'ambidwa mosazengereza. Koma mfundoyi ikungotiuza kuti odwala asankhidwe bwino, sikutiuza kuti njirayi ilibe malo. Amene akufunika kamera ndi uja wapakati, amene BP ili bwino, wakhala ndi ululu masiku awiri kapena atatu, sikani sinayankhe, ndipo madokotala agawikana. Odwala otere ndi ambiri, ndipo lero amagona m'wodi akupatsidwa mankhwala a jekeseni kudikira kuti matenda adzionetse okha.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti pali njira zotchipa zopezera TB popanda kulowa m'chipinda cha opaleshoni. Imeneyi ndimaivomereza ndi mtima wonse. Kuyeza mkodzo ndi LAM kumapereka yankho pasanathe ola, ndipo kumagwira bwino kwambiri mwa amene CD4 yatsikitsitsa. GeneXpert ili m'zipatala za maboma. Njira ya sikani yotchedwa FASH, imene Tom Heller ndi anzake anaikonza ku KwaZulu-Natal ndipo yaphunzitsidwa kwambiri ku Lighthouse mu Lilongwe, imathandiza ngakhale clinical officer kuona madzi m'mimba, mwanabere wotupa ndi timadontho ta pakapamba m'mphindi zochepa. Zimenezi zizibwera poyamba nthawi zonse, ndipo zikayankha, kamera ikhale m'kabati. Vuto n'lakuti LAM ikapanda kuonetsa kanthu sindiye kuti TB palibe, ndipo ikaonetsa sindiye kuti apendikisi ili bwino, pakuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Sikani imaona chotupa koma siitchula dzina lake. Makina a CT amapezeka m'zipatala zochepa zikuluzikulu zokha. Pamene zoyeza zonsezi zathera, m'pamene kamera imayambira.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera kuposa zonse: ndalama ndi zoyenera kutsogoza. Lipoti la Lancet Commission on Global Surgery la 2015 linati anthu 5 biliyoni padziko lapansi alibe mwayi wa opaleshoni yotetezeka ndi yokwanitsika, ndipo linaika opaleshoni zitatu ngati muyeso wa chipatala chogwira ntchito: kung'amba mimba, kubereketsa mayi ndi mpeni, ndi kukonza fupa lothyoka lotulukira kunja. Kafukufuku wa African Surgical Outcomes Study wa 2018, wotsogozedwa ndi Bruce Biccard wa ku Cape Town m'maiko 25, anapeza kuti odwala a mu Africa amamwalira pambuyo pa opaleshoni kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse, ngakhale kuti ndi achichepere ndipo matenda awo ena ndi ochepa, ndipo chifukwa chachikulu ndi kusowa kwa anthu ndi zida zowayang'anira m'wodi. Wina anganene kuti, m'dziko limene opaleshoni zambiri za m'maboma zimachitidwa ndi ma clinical officer, magazi amasowa, okosijeni amatha, n'kulakwa kukamba za makamera. Kwa chipatala cha boma chomwe chikulephera kung'amba mimba usiku, ndikugwirizana naye: chiyambe chakonza zimenezo. Koma ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Mzuzu ndi Zomba nkhani ndi ina. Kumeneko mawodi ndi odzaza, ndipo wodwala aliyense wogona masabata atatu ndi bala la mafinya akudya bedi, nthawi ya anamwino, mabandeji ndi mankhwala amphamvu opha tizilombo. Banja lake nalonso likulipira, womudikirira atasiya munda kapena geni. Mtengo umenewu sulembedwa m'bajeti ya zida, koma dziko limaulipira ndithu.

Ndiponso mtengo wa laparoscopy si wokhazikika. Chimene chimaidulitsa m'maiko olemera ndi zida zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Zida zachitsulo zochapidwa ndi kuwiritsidwa zimagwira ntchito zaka zambiri, ndipo tsinde la apendikisi likhoza kumangidwa ndi ulusi wamba wa opaleshoni m'malo mwa makina odula. Kumene mpweya wa carbon dioxide umavuta kupeza, pali njira yokweza khoma la mimba ndi chitsulo popanda kupopa, yomwe akatswiri a University of Leeds akhala akuikonza mogwirizana ndi madokotala a kumidzi ya kumpoto chakum'mawa kwa India. Chimene chimapha zida zotere m'zipatala zambiri za mu Africa si kugula koma kusamala: makina obwera ngati mphatso, opanda wowakonza, opanda zosinthira, amene amafa babu likapsa. Magetsi nawo ndi nkhani. Dziko lonse likukumbukira mdima umene unatsatira pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira mu 2022. Choncho wogula kamera aguliretu batire yosunga moto, aphunzitse wokonza makina, ndipo aike pambali ndalama ya chaka ndi chaka.

Chotsala ndi anthu. Luso logwira ntchito uku ukuyang'ana pa sikirini silibwera ndi maphunziro a sabata imodzi ophunzitsidwa ndi alendo. Liyenera kukhala m'maphunziro a madokotala a opaleshoni kuyambira chaka choyamba, ku Kamuzu University of Health Sciences ndi m'zipatala zophunzitsira pansi pa COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya chigawo chino yomwe inakhazikitsidwa mu 1999. Opereka mankhwala ogonetsa ayenera kudziwa mmene mpweya wa m'mimba umasinthira kupuma, komanso kuti ma ARV okhala ndi ritonavir amachedwetsa kutha kwa mankhwala ena ogonetsa m'thupi. Anamwino a m'chipinda cha opaleshoni ayenera kudziwa kulumikiza ndi kuchapa zidazo. Ndipo zida zisamatsekeredwe m'kabati dzuwa likalowa kudikira opaleshoni zokonzedweratu za masana, chifukwa apendikisi ndi thumbo lobooka sizisankha ola. Labotale yoyeza tizidutswa nayo iziyankha msanga, apo ayi kachidutswa kaja kangokhala kopanda ntchito. Pomaliza, zipatala zathu zilembe zotsatira za wodwala aliyense, CD4 yake, zimene kamera inapeza ndi mmene anachirira, kuti ndondomeko za m'tsogolo zidzachokere pa odwala athu.

Kwa inu owerenga amene mukumwa ma ARV, kapena muli ndi m'bale amene akumwa: ululu wa m'mimba woopsa umene sukutha patapita maola angapo, makamaka ukabwera ndi kusanza, kutentha thupi kapena kutupa mimba, musauyesere kunyumba. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala ndi botolo la mankhwala, ndipo muuzeni dokotala za HIV ngakhale asanafunse, pamodzi ndi tsiku limene munamwa piritsi lomaliza. Kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi abwenzi amene amathandiza pa nkhondo ya HIV ndi TB, pempho ndi ili: chipatala chachikulu chilichonse mwa zinayi zija chikhale ndi zida za laparoscopy zogwira ntchito usana ndi usiku, ndi anthu ophunzitsidwa kuzigwiritsa ntchito pa odwala adzidzidzi.